Mfundo Zokana Kumasuka: Yankho kwa Bambo wa ku Matero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Matero mu Lusaka, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo koma anandilola kuwayankha poyera, poti akukhulupirira kuti si iwo okha amene nkhaniyi yawasowetsa tulo. Bambowa ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene akuphunzira masamu ku yunivesite, anabwera pa tchuthi ndi mafunso atatu amene anawafunsa pa nthawi ya chakudya chamadzulo. Mbali ina ya kalata yawo ikuti:

"Mwana wanga anatsegula kalata ya Paulo yopita kwa Tito, pamene pali mawu a munthu wa ku Crete wonena kuti anthu a ku Crete ndi abodza nthawi zonse, n'kundifunsa ngati munthuyo ankanena zoona kapena zabodza. Kenaka anafunsa kuti zingatheke bwanji kuti wotaya moyo wake ndiye aupulumutse. Pomaliza anati, kodi Mulungu angalenge mwala woti iye mwini alephere kuunyamula? Akuti kusukulu zoterezi amazitcha paradox. Ndinamukalipira, koma usiku umenewo sindinagone. Kodi mawu odzitsutsa okha ali ndi tanthauzo, kapena ndi msampha chabe wa anthu ophunzira?"

Bambo, ndathokoza kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Kusagona kwanuko n'kumene kwandichititsa kuti ndikuyankheni motalika chonchi, chifukwa munthu amene funso lamusowetsa tulo ndiye kuti walimva. Mafunso atatu a mwana wanu akuoneka ngati ana a mimba imodzi, koma si apachibale. Limodzi ndi choonadi chimene chabisala m'mawu ogundana, lina ndi mawu omveka bwino m'khutu koma opanda chimene akuloza, ndipo lotsalalo, likangokonzedwa pang'ono, ndi vuto lenileni limene anthu anzeru akulimbana nalo mpaka lero. Mukawaika onse m'dengu limodzi, mudzawakana onse kapena kuwaopa onse, ndipo njira ziwiri zonsezi sizingakuthandizeni inu kapena mwanayo.

Liwu lakuti paradox linachokera ku Chigiriki, ndipo poyamba linkatanthauza chinthu chosemphana ndi zimene anthu amaganiza kapena kuyembekezera. Ine polankhula Chichewa ndimakonda kungoti mfundo, popeza liwuli kwathu limasenza katundu wa mitundu iwiri: pali mfundo ya pa chingwe, palinso mfundo ya m'nkhani, monganso timamasula chingwe ndiponso timamasulira mawu. Aliyense amene anamangapo mbuzi kapena mtolo wa nkhuni amadziwa kuti mfundo sizifanana. Ina imaoneka yovuta koma mukakoka nsonga imodzi imamasuka yokha. Ina mukaiyang'anitsitsa mumapeza kuti si mfundo konse, chingwe changopiringizika. Koma pali ina imene mukamaikoka m'pamene ikulimba, ndipo imafuna munthu wodekha woti akhale pansi afufuze pamene chingwe chinalowera.

Tigwirizane kaye za chimene timatcha kudzitsutsa. Aristotle, munthu wanzeru wachigiriki amene anakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 384 mpaka cha 322 Yesu asanabadwe, ananena kuti chinthu chimodzi sichingakhale chakutichakuti n'kukhalanso chosatero pa nthawi imodzimodzi ndiponso m'njira imodzimodzi. Makolo athu ankadziwa zimenezi osamva za Aristotle, chifukwa pa bwalo la milandu, kaya la mfumu kumudzi kaya la kuno ku tauni, mboni ikanena kuti tsiku la ndewu inali ku Kabwe, kenaka n'kunena kuti inaona ndi maso amene anayamba kuponya chibakera ku Chawama pa ola lomwelo, palibe amene amati mboniyo yalankhula zakuya. Onse amadziwa kuti yanama kapena yasokonezeka. Koma taonani zinthu ziwiri zimene Aristotle anazitchula, nthawi ndi njira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mayi wa ku Kanyama akanena m'mwezi wa February kuti kwawo madzi achuluka ndiponso madzi asowa, sanadzitsutse ayi. Amvula asefukira mpaka pakhomo, koma pampopi palibe dontho. Liwu ndi limodzi, madzi ndi a mitundu iwiri.

Ndiyambe ndi funso lachiwiri, la wotaya moyo, chifukwa ndi limene ife Achewa tiyenera kulimva msanga kuposa wina aliyense. Agogo anga aakazi ku Katete ankati akatapa chimanga m'nkhokwe kuti apatse mnansi amene chake chamuthera, ankanena kuti kupatsa n'kuika. Ndili mwana mawuwa ankandivuta, chifukwa ndinkaona ndi maso anga lichero likutuluka pakhomo, ndipo chimene chatuluka sichingakhale kuti chasungidwa. Ndinadzamvetsa chaka china mvula itavuta mbali ya kwathu, pamene anthu amene agogo anawathandiza anayamba kubwera, wina ndi ufa, wina ndi nyemba, osawaitana. Mwambiwo sunkanena kuti chimanga chotuluka m'nkhokwe chimakhalabe m'nkhokwemo. Unkanena za nkhokwe ziwiri, ina ya nsungwi imene anankafumbwe amaiboola, ina ya m'mitima ya anthu. Wina angafunse kuti nanga akuluakulu sanangonena bwanji momveka kuti ukathandiza mnzako nayenso adzakuthandiza? Ndikuganiza kuti mawu omveka choncho amalowa khutu ili n'kutulukira linalo, pamene mawu ogundana amamuimitsa munthu, amamukwiyitsa pang'ono, ndipo amapita nawo kunyumba akuwatafuna. N'chimodzimodzi ndi zilapi zimene tinkaponyerana madzulo. Munthu akati nyumba ya amayi ilibe khomo, sitinkamuuza kuti wanama popeza nyumba yopanda khomo kulibe. Tinkafufuza mpaka titapeza dzira.

Mawu a Yesu a pa Marko 8:35, onena za wotaya moyo wake uja, ndi a mtundu womwewo. Liwu lakuti moyo laima malo awiri. Pali moyo umene munthu amaukumbatira mwamantha, kuteteza thupi lake, chuma chake ndi ulemu wake ngakhale zitafuna kuti akane choonadi, ndiye palinso moyo umene munthu amakhala nawo pamaso pa Mulungu. Wogwiritsitsa woyambawo amataya wachiwiriwo. Paulo naye, pa 2 Akorinto 12:10, akamanena kuti pamene wafooka m'pamene ali wamphamvu, kufookako ndi kwake koma mphamvuyo akuti ndi ya Khristu. Mwana wanu ali ndi ufulu wokana kukhulupirira zimenezi, koma sanganene kuti mawuwo adzitsutsa, chifukwa tikangosiyanitsa matanthauzo awiriwo, kugundana konse kwatha.

Nthawi zina chimene chimasiyana si tanthauzo koma nyengo. Ife tomwe timati mawu a akulu akoma akagonera, ife tomwenso timati tsabola wakale sawawa. Woyamba timauza mnyamata wonyoza malangizo, wachiwiri timauza nkhalamba yofuna kuweruza za lero ndi muyeso wa dzana. Pa Miyambo 26, vesi 4 likuletsa kuyankha chitsiru monga mwa uchitsiru wake, ndipo vesi 5 lotsatira pomwepo likulamula kuchiyankha. Amene anasonkhanitsa miyamboyo sanali wakhungu kuti asaone zimenezi. Anaika mavesiwo moyandikana kuti wowerenga adziwe kuti nzeru yake ndi kuzindikira nthawi yoyankha ndi nthawi yokhala chete.

Pano ndiyenera kuchedwapo, Bambo, chifukwa inu ndinu mtsogoleri wa anthu, ndipo pali choopsa chimene ndachiona kambirimbiri m'makomboni athu. Popeza mawu ena ogundana amakhala akuya, anthu ena aphunzira kubisa zoipa zawo m'mawu ogundana kuti aoneke akuya. Mwamuna amauza mkazi wake kuti ndimakumenya chifukwa ndimakukonda. Wina amauza mayi wamasiye kuti apereke ndalama yake yotsiriza ya lendi kuti alemere, ndipo mayiyo akafunsa kuti zitheka bwanji, amauzidwa kuti zauzimu sizifunsidwa. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amalipira mtengo wake nthawi zonse ndi wofooka. Muyeso wake ndi wosavuta: mufunseni wolankhulayo kuti anene zomwezo m'mawu osagundana. Agogo anga akanatha kutero, n'kukulozerani nkhokwe ziwiri zija. Mayi wa ku Kanyama angathe kutero. Koma womenya mkazi mukamuuza kuti amasulire, adzapeza kuti palibe tanthauzo la chikondi limene likugwirizana ndi mabala, ndipo adzayamba kukwiya m'malo moyankha. Mfundo yoona siopa kumasuliridwa. Choncho mwana wanu akamafunsa kuti mawu akutanthauza chiyani, akuchita ntchito imene mkulu wa mpingo aliyense ayenera kuichita poteteza nkhosa.

Za mwala sinditalikitsa. Pali nkhani yodziwika ya mudzi umene uli ndi wometa mmodzi wamwamuna, amene amameta amuna onse osadzimeta okha, ndipo sameta aliyense wodzimeta yekha. Nanga iyeyo amametedwa ndi yani? Akadzimeta waswa lamulo, popeza sameta odzimeta okha, ndipo akapanda kudzimeta waswanso lamulo, popeza ayenera kumeta onse osadzimeta. Yankho lake n'lakuti wometa wotere kulibe ndipo sangakhaleko, ngakhale mutayenda mababashopu onse kuyambira ku Matero mpaka ku Mtendere. Pakamwa pamatha kulumikiza mawu amene palibe chinthu chingagwirizane nawo, monga kunena kuti mbeta yokwatiwa. Mwala umene Wamphamvuyonse sangaunyamule uli m'gulu limeneli. Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu wa m'zaka za m'ma 1200, anafotokoza kuti n'kwabwino kunena kuti zinthu zodzitsutsa sizingachitike kusiyana ndi kunena kuti Mulungu sangazichite, chifukwa chosowacho chili m'mawuwo, osati mwa Mulungu. Malemba enieniwo sanena kuti Mulungu angachite chilichonse chimene pakamwa patchula, popeza Ahebri 6:18 akuti sanganame, ndipo 2 Timoteyo 2:13 akuti sangadzikane yekha. Komabe muchite chilungamo ndi mwanayo: yankho limeneli silitsimikizira kuti Mulungu aliko, limangosonyeza kuti funso la mwala silingagwetse chikhulupiriro chimenecho, ndiponso limatikakamiza kunena mosamala chimene tikutanthauza tikamati wamphamvuyonse.

Tsopano tifike pa munthu wa ku Crete. Mawu ali pa Tito 1:12 anthu amavomereza kuti ndi a Epimenides, mlakatuli wa pa chilumba cha Crete amene anakhalako zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe. Mwana wanu akuganiza chonchi: ngati Epimenides ananena zoona, ndiye kuti iyenso ndi wabodza, choncho sananene zoona. Mpaka apa ali bwino. Koma tiyeni tiyende njira inayo. Ngati ananama, zikutanthauza chiyani? Sizikutanthauza kuti anthu onse a ku Crete ndi oona. Zikungotanthauza kuti si onse amene amanama nthawi zonse, ndipo pangofunika munthu mmodzi wa ku Crete amene tsiku lina ananenapo zoona. Pamenepo palibe kugundana kulikonse, mawuwo angokhala osalondola, basi. Kuwonjezera apo, palibe amene amalankhula mwa njira imene mwana wanu akuwerengera. Mayi wobadwira m'Lusaka akaberedwa pa sikelo kumsika n'kubwera kunyumba akudandaula kuti anthu a m'Lusaka ndi akuba, palibe amene amamufunsa ngati iyenso ndi wakuba. Tonse timamva kuti akukokomeza pofuna kudzudzula khalidwe lofala. Ndiponso wabodza si munthu amene mawu ake onse ndi onama, chifukwa ngakhale wabodza wotheratu akafunsidwa ngati kunja kukugwa mvula amatha kuyankha zoona. Paulo akamavomereza umboniwo pa vesi 13, akudzudzula khalidwe, sakuwerengera masamu.

Koma musasangalale msanga, chifukwa kuseri kwa funso lofooka limeneli kuli lina lolimba, ndipo ndikukhulupirira kuti n'limene mwana wanu amafuna kufikapo. Eubulides wa ku Miletus, m'zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, anachotsamo chilumba ndi anthu ake n'kusiya munthu mmodzi wonena kuti, "Zimene ndikunenazi ndi zabodza." Ngati ndi zoona, ndiye kuti zili monga wanenera, choncho ndi zabodza. Ngati ndi zabodza, ndiye kuti wanena molondola, choncho ndi zoona. Apa palibe munthu wina wa ku Crete woti atipulumutse, palibe kukokomeza, palibe liwu loima malo awiri ngati madzi a ku Kanyama. Sitinganenenso monga tinachitira ndi wometa kuti chinthu chotere kulibe, popeza chiganizocho chilipo, mwachiwerenga kumene ndi maso anu. Mawu ake onse ndi achizolowezi, kaganizidwe kake n'kolongosoka pa sitepe iliyonse, koma kumene tikufika n'kosatheka. Iyi ndiyo mfundo ija yolimba mukamaikoka.

Mwafunsa ngati zoterezi ndi msampha chabe wa anthu ophunzira. Ine ndikuti ayi, ndipo ndili ndi zifukwa zochokera m'mbiri. Pamene zoyambira zikuoneka zoona, kaganizidwe kakuoneka kolondola, koma mathero ndi osatheka, ndiye kuti penapake pali chinthu chimene takhala tikuchikhulupirira osachifunsa, ndipo n'cholakwika. Mfundoyo imakhala ngati mng'alu wa pa khoma, umene umakuuzani kuti maziko ali ndi vuto ngakhale simukuwaona.

Zeno wa ku Elea, m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, anaika pa mpikisano Achilles, ngwazi yaliwiro ya m'nthano za Agiriki, ndi fulu. M'nthano zathu fulu amapambana kalulu ndi nzeru, koma Zeno anati fulu wake sangapitiriridwe konse akangopatsidwa mwayi woyambira patsogolo. Tiyerekeze, kuti masamu aphweke, kuti fulu wayambira mamita 100 patsogolo, ndipo Achilles akuthamanga mamita 10 pa sekondi pamene fulu akuyenda mita 1. Achilles akatha mamita 100, fulu wasuntha mamita 10. Akatha 10 amenewo, fulu wasuntha mita 1. Akatha imeneyo, fulu wasunthanso pang'ono, ndipo zimapitirira choncho osatha, moti nthawi zonse pamatsala kampata. Tonse timadziwa bwino kuti waliwiro amapitirira wochedwa, choncho ntchito ya womutsutsa Zeno ndi kuloza pamene kaganizidweko kalakwa. Cholakwikacho chinali chikhulupiriro chakuti zidutswa zosatha zikaphatikizidwa ziyenera kupereka chinthu chosatha. Tengani nzimbe, muidule pakati, theka lotsalalo mulidulenso pakati, muzipitiriza choncho m'maganizo mwanu. Zidutswazo sizidzatha, koma zonse pamodzi sizidzaposa nzimbe imodzi ija. Momwemonso 100 kuphatikiza 10 kuphatikiza 1 ndi tizidutswa tonse totsatira zimakwana mamita 111 ndi gawo limodzi mwa magawo 9 a mita, ndipo pamenepo m'pamene Achilles amamupeza fulu. Kuti zimenezi zifotokozedwe mosasiya mpata panapita zaka zoposa 2,000, kudzera m'masamu a Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz a m'zaka za m'ma 1600, ndi ntchito ya Augustin-Louis Cauchy ndi Karl Weierstrass m'zaka za m'ma 1800. Masamu amenewo ndi amene mwana wanu akuphunzira, ndiponso ndi amene mainjiniya amawerengera pomanga milatho ndi madamu.

Nkhani imene imandikhudza mtima koposa ndi ya Gottlob Frege, mphunzitsi wa masamu ku Jena m'dziko la Germany, amene anatha zaka zambiri akuyesa kuika masamu owerengera pa maziko osagwedezeka. Chimodzi mwa zoyambira zake chinkatanthauza kuti mukafotokoza khalidwe lililonse, pali gulu la zinthu zonse zokhala ndi khalidwelo. Ndani angakane zimenezo? Koma mu 1901 Bertrand Russell wa ku Britain anapeza mng'alu. Inu mumadziwa makaundula a mpingo, choncho ndifotokoza motere. Tiyerekeze kuti makaundula ena amadzilemba okha pa mndandanda wa zimene zili m'kati mwake, pamene ena sadzilemba. Mwauzidwa kuti mukonze kaundula wamkulu wa makaundula onse osadzilemba okha, ndipo musalembemo wina aliyense. Kodi kaundula wamkuluyo mumulembamo? Mukamulemba, wadzilemba, choncho sayenera kukhalamo. Mukamusiya, sanadzilembe, choncho ayenera kukhalamo. N'zofanana ndi za wometa uja, koma kusiyana kwake n'kwakuti malamulo a Frege ankalamula kuti gulu lotere likhalepo. Russell analembera Frege kalata mu June 1902, pamene gawo lachiwiri la buku la Frege linali kale kwa osindikiza. Frege sanakalipe, sanabise kalatayo, ndipo sananene kuti mnyamatayo ndi wamwano. Analemba mawu owonjezera kumapeto kwa bukulo, limene linatuluka mu 1903, kuvomereza poyera kuti maziko a ntchito yake agwedezeka. Pofika 1908 Ernst Zermelo anali atakonza malamulo atsopano a magulu amene amatseka mpata umenewo, ndipo masamu anatuluka m'vutolo ali olimba kuposa kale.

Mfundo ya wabodza nayo inabala zipatso ngakhale isanamasuke. Mu 1931 Kurt Gödel, ku Vienna, anatenga chiganizo chofanana nacho n'kusintha mbali imodzi, kuti m'malo monena kuti ndi chabodza, chizinena kuti sichingatsimikiziridwe. Potero anasonyeza kuti dongosolo lililonse la malamulo a masamu limene silidzitsutsa, ndipo n'lokwanira kuchita masamu owerengera, limakhala ndi ziganizo zimene silingathe kuzitsimikizira kapena kuzikana. Mu 1936 Alan Turing anagwiritsa ntchito njira yofanana posonyeza kuti pali mafunso amene palibe makina owerengera angawayankhe nthawi zonse, ndipo makina amene anawafotokoza pa pepala pochita zimenezo ndi amene anakhala maziko a maphunziro a kompyuta.

Nanga chiganizo cha wabodzacho chinathera pati? Alfred Tarski wa ku Poland, mu 1933, anasonyeza kuti vutolo lingapewedwe ngati tisiyanitsa chinenero chimene tikulankhulira za zinthu ndi chinenero chimene tikuweruzira ngati mawu a choyambacho ndi oona, monga mmene woweruza sakhalira mboni pa mlandu umene akuweruza. Njirayi imagwira ntchito m'masamu, koma Chichewa, Chibemba ndi Chingerezi sizinamangidwe choncho, popeza timalankhula za mawu athu m'chinenero chomwecho tsiku ndi tsiku. Ena amati chiganizocho si choona komanso si chabodza. Koma wina akangochisintha n'kunena kuti, "Chiganizo ichi si choona," vuto labwerera, chifukwa ngati chili pakatikati ndiye kuti si choonadi, ndipo n'zimene chanena. Alipo ochepa, monga Graham Priest, amene amalimba mtima n'kunena kuti ndi choona ndiponso ndi chabodza, ndipo akonza malamulo a kaganizidwe olola zimenezo popanda kugwetsa zina zonse. Ine sindipita nawo kumeneko, chifukwa ndaona zimene anthu amachita akaloledwa kunena inde ndi ayi pakamwa pamodzi, koma ndikuvomereza kuti akatswiri sanagwirizane pa yankho limodzi kufikira lero.

Mwina mwaganiza kale kuti mankhwala ake ndi kuletsa chiganizo kulankhula za icho chokha. Ambiri amayamba ndi ganizo limeneli, koma limaletsa zambiri ndiponso limaletsa zochepa. Limaletsa zambiri chifukwa pali ziganizo zodzinena zokha zimene zilibe vuto. Werengani ichi: "Chiganizo chino chili ndi mawu asanu ndi atatu." Mukawerenga mawu ake mupeza kuti alipodi asanu ndi atatu, ndipo ndi choona mosavuta. Limaletsanso zochepa chifukwa mfundoyo ingamangidwe popanda chiganizo chodzitchula chokha.

Pempho langa, Bambo, n'lakuti mwanayo asanabwerere kusukulu mumuitane mukhale naye pansi, nsima itadyedwa kale. Mumuuze za nkhokwe ziwiri, za mbeta yokwatiwa, ndi za munthu mmodzi wa ku Crete amene ananenapo zoona, ndipo mumulole akutsutseni pamene akuona kuti mwafooka. Mumuuzenso mosabisa kuti funso lolimba si limene anabwera nalo, koma la Eubulides, ndipo kuti limenelo likuvutani inu monga likuvutira aphunzitsi ake. Kenaka mutenge kapepala. Mbali imodzi mulembe kuti, "Mawu ali kuseri kwa pepalali ndi oona." Mbali inayo mulembe kuti, "Mawu ali kuseri kwa pepalali ndi abodza." Palibe mbali imene ikunena za iyo yokha, ndipo iliyonse payokha ndi mawu wamba amene tingawalembe pa pepala lina popanda vuto. Mumupatse alitembenuze kangapo, mumufunse kuti aloze mbali imene yalakwa, ndipo zimene adzanene mudzanditumizire pa imelo yomweyi.